Theka la Wiza

Lolemba, 3 Juni
Kuzizira kwa Mzuzu sindidzakuzolowera. Tayamba theka ndi kota mu Sitandade 3. Ndinapita ndi mbatata zophika, choko chokha ana samva. Aliyense wadula pakati bwinobwino kupatula Wiza. Iye wadula kunsonga, chachikulu uku, kanthongo uku. Ati ndi matheka awiri.

Lachitatu, 5 Juni
Wiza wabwerezanso, pamene mwanayu ndi wanzeru. Ndamufunsa, ati, "Kwathu timadula choncho, madamu." Ndati kakang'onoko amadya ndani? Iye maso pansi.
A Hilda a Sitandade 4 akuti mayi ake anamwalira, amakhala ndi azakhali ake ku Mzilawaingwe, iye amati ankhazi. Basi ndadziwa. Mwana wamasiye tikumudziwa mbali yomwe amalandira.

Lachinayi, 6 Juni
Ndamuyang'anitsitsa tsiku lonse. Si wowonda ayi, juzi alinso nayo. Koma anthu otere ndi ochenjera, kunja amaphimba bwino.

Lachisanu, 7 Juni
Ndinawaitanitsa azakhali a Wiza, abwera. Kamayi kouma ngati nkhuni, kogulitsa masamba mumsika. Ulemu wake wonyanya, mpaka kugwada. "Yewo chomene madamu, mwana wananga vichi?" kutanthauza kuti walakwa chiyani. Ndafunsa ngati Wiza amadya mokwanira. "Amadya, amadya chomene," kuyankha ndisanamalize n'komwe. Changu chimenecho chandinunkhira. Ndapsa mtima, ndawauza mosabisa kuti ndikaona chachilendo nkhaniyi ifika kwa ahedi. Anyamuka, ulendo kumsika.

Lolemba, 10 Juni
Wiza sanabwere. Kaya amumenya chifukwa cha ine? Chakudya chandikanika.

Lachiwiri, 11 Juni
Wabwera, zipsera palibe, ndayang'ana mpaka m'miyendo. Ati dzulo amagulitsa masamba, ankhazi anachita chizungulire.
Pa buleki ndamutsaza. Tapinda pepala, nsonga kukumana ndi nsonga, kenako ndamupatsa mbatata ndi mpeni. Wadula pakati penipeni. Wazigundanitsa, wazitembenuza, kuziyang'ana nthawi yaitali.
"Ndiye theka limafanana ndi linzake?"
Ndati eya, nthawi zonse.
"Ndiye ankhazi amandinamiza. Amandipatsa chachikulu, iwo kakang'ono, n'kumati tagawana theka theka."
Wadya chimodzi, chinacho wakulunga m'pepala n'kuika m'thumba la juzi.
Belu linalira ndikadali chikhalire. Mawa ndilowa mumsika, koma sindikudziwa kuti ndikayamba ndi mawu ati.