TV Imene Ababa Anasankha

Zingwangwa, Blantyre
16 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene Laurenti,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Kuno dzuwa lokha ndilo latilemetsa.

TV munatituma ija tagula, koma si imene munkafuna inu, ndiye musanayambe kukalipa pa foni werengani kaye. Loweruka ndinapita ndi Ababa kushopu ku Limbe. Tinapeza ziwiri zofanana kukula, zonse zikuonetsa mpira umodzi. Wogulitsa, bambo wolongolola dzina lake Ramsey, anati, "Iyi ndi 120 hertz, madala, mpira umayenda smooth. Inayi ndi 60, anthu akamathamanga imakoka mchira, koma picture yake ndi yowala, tsitsi mutha kuwerenga." Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti sankanama.

Mukudziwa mmene Ababa amaonera mpira: TV atseka mawu, wailesi pakhutu, n'kumakuwa chigoli mpira usanalowe chifukwa wailesi imatsogola. Ife timangowaseka kuti ndi mlosi. Mushopumo munalibe wailesi. Anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, kenako anandinong'oneza kuti, "Evelina, ofiira ali mbali iti?" Panalibe timu yovala zofiira, achimwene. Mtima unandiwawa.

Atatero anafunsa Ramsey kuti, "Nanga nkhope ya munthu wongokhala phee, imaonetsa bwino ndi iti?" Iye analoza ya 60 ija. Ababa anati, "Tipatseni yomweyo. Mwana wanga sathamanga akamandilankhula." Ankanena mavidiyo mumatumiza aja.

Lolemba ndinawakokera kuchipatala. Adokotala ati ndi shuga uja, maso akupita ndipo sadzabwerera. Ababa anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, eti mungasiye ntchito. Koma pakamwa panga mumapadziwa.

Dzulo tinaika vidiyo yanu ija pa TV yatsopanoyi. Anakokera mpando pafupi, anamwetulira, n'kunena kuti mwana wawo wanenepa. Ankaloza alamu. Ndinaseka nawo, kenako ndinakalirira kukhitchini.

Bwerani Khirisimasi ino, musadikirenso ina, ndipo kamwanako musakasiye. Akuoneni pafupi pamene maso akadalipo pang'ono.

Amayi aang'ono a ku Bangwe akupereka moni. Ababa nawonso akupereka moni wambiri, ati ndikuuzeni kuti TV ndi yabwino zedi, akuona chilichonse.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Evelina