Makasu anu akadali pomwe munawakwirira

Amayi, kumeneko muli bwanji kodi?

Ife kuno tilipo. Mng'ono wanga Lusungu anachira bwino, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Wakutengani ndi mawu omwe, akalira amamveka mpaka kumsewu. Nyanja chaka chino yakwera, yadya malo onse omwe tinkayanikapo usipa. Chinangwa chomwe munabzala musanagone m'chipatala takumba, chinabereka bwino. Ine ndikadali kuloji kuja ku Kande, kuyala mabedi a anthu.

Koma sindinakulembereni kuti ndikuuzeni za usipa. Asibweni a Yotamu, mlongo wanu yemwe analira kuposa tonse pamaliro paja, akugulitsa munda wanu. Osati wonse ayi, ndi munthu waulemu, akungofuna theka la kumunsi loyang'ana kunyanja. Apeza bambo wina wa ku Mzuzu wofuna kumangapo nyumba za alendo. Akuti malire enieni ali pamtengo wa mango, kumunsiko munkangobwereka kwa iwo. Onse omwe akanawatsutsa ali kumeneko ndi inu. Zandiwawa kwambiri, Amayi, chifukwa kumunsiko ndi kumene chinangwa chimachita bwino, ndipo ana a Lusungu amadya pomwepo.

Ndiye ndinakumbukira makasu. Ndinali Sitandade 4 pomwe agogo anakupatsani malowo. Munatenga makasu anayi otha, opanda mipini, n'kukwirira limodzi pangodya iliyonse. Nditafunsa munati, "Mtengo anthu amadula, mwala amasuntha. Awa sawaona. Tsiku lina wina adzaiwala dala." Munaganiza bwino, koma munalakwitsa chimodzi: simunandionetsenso malo ake nditakula.

Kuloji kuli makina omwe timafunira mphete za alendo zikagwera mumchenga. Ndi ndodo yokhala ndi chimbale kunsi kwake, ukamayendetsa pamwamba pa nthaka amalira akamva chitsulo. Abwana anandibwereka. Masiku awiri ndinazungulira munda wonse, makina ali zii. Asibweni anatulutsa mpando n'kukhala pansi pa mango paja, kumauza aliyense wodutsa kuti mwana wa mlongo wawo akufuna golide m'chinangwa. Tsiku lachitatu ndinadutsitsa makinawo pa khasu langa lolimira, osalira. Apo ndipomwe ndinazindikira kuti kuloji anawatchera kuti azimva golide ndi siliva basi. Chitsulo cha khasu kwa iwo ndi zinyalala.

Nditapotokola kabatani kake, vuto linasanduka lina. Analira paliponse. Dothi lathu lofiira lija, lomwe munkatikalipira nalo tikadetsa yunifolomu, ladzaza chitsulo. Timiyala takuda tolemera tija natonso timawaliritsa. Ndinakumba maenje mpaka manja kutuluka matuza, n'kumapeza mwala, msomali, chitini chadzimbiri. Asibweni anati ndiwalipire chifukwa ndasandutsa munda wawo kukhala wa mfuko. Ine ndinangopitiriza kukumba. Mumandidziwa, ndikayamba chinthu sindibwerera.

Pang'onopang'ono ndinawaphunzira makinawo. Umayamba waima pamalo amodzi, kukweza ndi kutsitsa chimbalecho uku ukupotokola, mpaka makina azolowere dothilo n'kutonthola. Kenaka umayenda mosafulumira, khutu lili tcheru, ngati momwe munkasankhira timiyala mumpunga. Dothi limangong'ung'udza mosalekeza. Khasu limayankha kamodzi mwamphamvu, pamalo omwewo, ngakhale ulidzere mbali ina.

Makasu awiri akumtunda ndinawapeza sabata yatha. Khasu lachitatu lili kumunsi kumabango, kutali kwambiri ndi mango aja. Lachinayi linandivuta mpaka ndinaganiza kuti dzimbiri linalimaliza. Kunatsala malo amodzi okha, pomwe wogulayo watsitsa kale njerwa zake. Dzulo masana ndinachotsa njerwazo ndekha, imodziimodzi, ndipo makina analira. Ndinafukula ndi manja mpaka ndinaligwira. Nditapukuta dothi ndinaona chilembo cha Y, chija asibweni ankadinda pa zitsulo zawo kuti obwereka asazikanirire. Khasu limenelo anakupatsani ndi iwo, ndipo ndakumbukira tsopano kuti dzenje la ngodya imeneyo anakumba ndi iwo omwe, inu mutaima pambali ndi Lusungu kumsana. Ndinakhala pansi n'kulira, Amayi. Kenaka ndinalikwiriranso bwinobwino n'kubwezerapo njerwa.

Lusungu akuti tingowasiyira, chifukwa ndi malume ndipo tidzawafuna paukwati ndi pamaliro. Ndamuuza kuti amenewo ndi maganizo ake. Ine ulemu ndiwapatsa, kugwada ndigwada, koma munda ayi.

Loweruka akuluakulu a banja akubwera kudzaona malire, wogulayo adzakhalaponso. Sindikalankhula zambiri. Ndikawayendetsa ngodya zitatu, aliyense aone ndi maso ake. Tikafika pa njerwa paja, ndikagwada monga munandiphunzitsira, n'kupereka khasu langa kwa asibweni ndi manja awiri, kuti akumbe okha.

Musadandaule kumeneko. Mvula ikagwa ndibzala chinangwa mpaka kumabango, monga munkachitira. Khasu langali nalonso latsala pang'ono kutha, ndidzalikwirira pambali pa lanu. Ndipo kamwana ka dzina lanuka kakadzangoyamba kuyenda, ndidzakatenga chaka ndi chaka kukakaonetsa ngodya zonse zinayi, mpaka kadzatope nane.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Tamala