Sefa ya Boti la Bambo

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Kodi chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Ife kuno tadzuka. Mlamu wanu ali bwino, ndipo ana akukula moti nsapato zikuwathina mwezi ndi mwezi.

Bambo andituma kuti ndikuuzeni kuti ali bwino. Ndakuuzani, ntchito yomwe anandipatsa ndagwira. Tsopano pezani pokhala ndikuuzeni zanga.

Inu za injini simunazikondepo, munkathawa fungo la dizilo, choncho ndifotokoze pang'ono. Injini ya boti la Bambo imazizira ndi madzi a m'nyanja omwe imakoka kuchokera pansi pa boti. Madziwo asanalowe mu injini amadutsa mu sefa, yomwe imagwira ndere, mchenga ndi mapepala apulasitiki. Sefa ikatsekeka injini imatentha, ndipo ukachedwa kuizimitsa imapsa.

Miyezi itatu yapitayi sefa yakale ija yamkuwa inayamba kudontha, dzimbiri linali litaidya. Tinapita limodzi kusitolo ya zida za maboti, ndipo wogulitsa anatiikira ziwiri pakauntala. Imodzi inali yamkuwa ngati yakale, yolemera, yomanga ndi mabawuti anayi. Kuti udziwe zomwe zili m'kati mwake umayenera kutseka madzi, kumasula ndi sipanala, n'kupisamo dzanja. Inayo inali yapulasitiki, ya chivundikiro choonekera ngati galasi. Imeneyo umangowerama n'kuyang'ana, ukaona kuti yada ndi pamene umaitsegula.

Bambo sanaziyang'ane n'komwe. Anazinyamula imodzimodzi, kuzisisita ndi zala, kenako anati titenge yamkuwa.

Apa ndi pamene mlongo wanu ndinaonetsa sukulu yanga ya umakaniko. Ndinawauza, wogulitsa akumva, kuti nthawi yopisa manja m'mabowo ngati munthu wosaka nkhanu inatha kalekale, masiku ano anthu amagwiritsa ntchito maso. Wogulitsa anaseka, nanenso ndinaseka. Bambo anangoti amakaniko anena, iwo ndi ndani kuti atsutse. Ndinatuluka musitolomo ndikuyenda monyada, sefa yapulasitiki ili kukhwapa.

Ndinaimanga ndekha tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndikamadutsa padoko popita kugalaja ndinkawafunsa ngati ayang'ana sefa. Iwo ankawerama pang'ono n'kunena kuti ili mbee.

Achemwali, ine ndine munthu wopusa. Bambo tiyi ankathira pambali pa kapu, ine n'kumati ndi manja aukalamba. Makalata anu ankandipatsa kuti ndiwawerengere, ati mumalemba ngati nkhuku yapalasa, ine n'kumaseka nawo. Munthu akawapatsa moni ankadikira kuti alankhulenso asanamutchule dzina. Zonsezi ndinkaziona ndithu.

Ndiye Lachinayi lina mayi wogulitsa nsomba, yemwe wakhala akuwoloka ndi Bambo kwa zaka zambiri, anandipeza kugalaja. Anandiitanira kuseri kwa galimoto yomwe ndinkakonza n'kundiuza zomwe zinachitika m'mawa umenewo.

Akuti m'botimo munali anthu khumi ndi mmodzi. Atafika pakati, Bambo anamva kuti kulira kwa injini kwasintha ndipo anaizimitsa nthawi yomweyo. Makutu awo akadali akuthwa. Anatsegula sefa ija, anapeza itadzaza ndere mpaka pakamwa, anaichotsa bwinobwino. Koma pachivundikiro pali kamphira kozungulira komwe kamatseka mpweya, ndipo popanda iko injini siikoka madzi. Kamphirako kanagwa pansi.

Mayiyo akuti Bambo anagwada n'kuyamba kufufuza ndi manja onse awiri, uku boti likutengeka kulowera kumiyala. Kamphirako kanali pafupi ndi bondo lawo, kakuda pathabwa loyera, mwana aliyense akanakaona. Mayiyo anakatola mwakachetechete n'kukaika m'dzanja lawo. Bambo anathokoza kuti zikomo achimwene, atayang'ana mbali ina.

Anawoloka bwino, ndipo mayiyo anandilonjeza kuti kuofesi ya padoko sakanena. Koma anati iye ndi ana ake sadzakweranso botilo, ndipo ananena akulira.

Madzulo ake ndinawafunsa Bambo. Anavomera. Diso lakumanja linasiya kuona zaka ziwiri zapitazo, lakumanzere limaona ngati muli utsi. Akuti njira amaidziwa ndi phokoso la mafunde pamiyala ndi mphepo pa tsaya. Sefa yamkuwa ankaitsegula m'mawa uliwonse, yada kapena isanade, ndipo zala zawo zinkadziwa bawuti iliyonse. Yanga ija ankachita manyazi kuitsegula ine ndili pompo, poti ndinanena kuti ndi yongoyang'ana. Anamaliza ndi kunena kuti tikanagula yamkuwa palibe akanadziwa.

Mawu amenewo akundisowetsa mtendere. Ndikanawamvera tsiku lija, injini siikanazima pakati pa nyanja. Komanso ndikanawamvera, bwenzi lero akuwolotsabe ana a eni ake asakuona. Sindikudziwa ngati ndinalakwa kapena ndinachita bwino, ndipo kulikonse komwe ndingatembenukire mtima ukundiwawa.

Ndinapita nawo kuchipatala. Adokotala anati mitsempha ya m'maso inafa, mankhwala angochedwetsa diso lotsalalo koma chomwe chinapita sichibwerera. Potuluka, tisanafike ndi pageti pomwe, Bambo anandipempha kuti ndikagule sefa yamkuwa.

Musandifunse chifukwa chake, koma ndinakagula. Mwina ndi manyazi a kuseka kuja. Nditafika nayo kunyumba sindinathe kuwapatsa. Ndinaikankhira kunsi kwa bedi, ndinapita padoko n'kumasula yapulasitiki ija kuti boti lisayende, ndipo Bambo ndinawanamiza kuti kusitolo zamkuwa zatha, aitanitsa zina.

Ndinayesa kunena kuti ndiziyenda nawo, ndikhale maso awo. Anaseka, anati munthu amene amasanza boti lisanachoke padoko angawathandize chiyani. Sananame. Komanso ndikasiya galaja ana adya chiyani?

Patha milungu itatu tsopano. M'mawa uliwonse amavala jekete lawo lija, sipanala ili m'thumba, n'kupita padoko. Amapukuta mabenchi a m'boti, amakoka zingwe kuona ngati zili zolimba, kenako amakhala. Ndikamadutsa amandifunsa ngati katundu wafika, ine n'kuyankha kuti sanafike. Chakudya akungochilawa. Lamba wawo ndawaboolera kale bowo lina.

Dzulo masana anabwera kunyumba, anakhala pampando wapakhonde n'kundiitana. Anati anakumana ndi wogulitsa uja, ndipo wogulitsayo anawafunsa ngati sefa yamkuwa yomwe mwana wawo anagula ikugwira bwino ntchito.

Sanakalipe, Achemwali. Bola akanakalipa. Anati akudziwa kuti ili m'nyumba muno, koma saifufuza, chifukwa iwo si wakuba m'nyumba ya mwana wawo. Adikira kuti ndiwapatse ndi dzanja langa. Ngati sindiwapatsa, ndiwauze ndi pakamwa panga kuti ntchito yawo yatha, ndisabisale kumbuyo kwa sitolo.

Ndinatsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka ndi kuwafunsa ngati amwe tiyi. Anati ayi, anadzuka, anafufuza chitseko cha mpanda ndi dzanja n'kumapita.

Kuwapatsa sindingathe, chifukwa tsiku lina tidzakavuula mitembo ya anthu osalakwa pamodzi ndi wawo. Kuwauza mawu enawo sindingathenso. Munthu amene anatilera ndi boti limeneli Mayi atatisiya, ine ndiime pamaso pake ndimuuze kuti watha? Ndayeserera kugalaja ndili ndekha pansi pa galimoto, koma mawuwo sindiwamaliza.

Chonde bwerani. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo kuntchito sakupatsani masiku mosavuta, koma inu ndinu woyamba kubadwa, ndipo Bambo amakumverani kuposa ine. Sindikuti mudzanene nokha. Mudzangokhala pambali panga, muwagwire dzanja, ine ndidzayesa kunena. Mukandiyankha musalembe za nkhaniyi m'kalata ya Bambo, poti woiwerenga mokweza ndine.

Mpaka mutabwera sindikudziwa chomwe ndiziwayankha. Mawa m'mawa ndidutsanso padoko, njira ina yopita kugalaja kulibe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti amalume awo amawakumbukira. Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira msanga.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Makaniko