Nanga Tizichemerera Ndani?

Mchinji Boma,
Pabenchi ya kunja kwa wodi ya makanda,
12 Juni, 2025.

Okondedwa achimwene a Stanley,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno Mulungu akutisunga, kungoti chisanu chaka chino chabwera ndi ukali. Mukhululuke kalembedwe kangaka. Mukudziwa kuti cholembera ndinasiyana nacho mu Sitandade 6, ndipo dzanja langa linazolowera kuwotcherera zitsulo. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mukandifunsa kuti zikuyenda bwanji, ine ndimangoti bwinobwino, kenaka n'kuthawira ku nkhani ya mafelemu a mawindo. Ndikamaliza ndijambula mapepalawa ndi foni ya anzanu a Kefasi kuti akupezeni lero lomwe.

Nkhani ndi iyi. Mlamu wanu Luwiza anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Inu mukudziwa kuti timayembekezera kumapeto a Julaye. Mwanayo sanadikire. Amayi ndinawapempha kuti asakuuzeni msanga, ndiye musawakwiyire iwo, mukwiyire ine.

Atamuika pasikelo anakwana kilo imodzi ndi magalamu 300. Achimwene, paketi ya shuga ndi kapang'ono pamwamba. Hamala yanga ya kushopu imamuposa kulemera. Zala zake ngati timitengo ta machesi. Poyamba anagwidwa ndi chikasu, anamugoneka pansi pa nyali. Chikasu chitatha anayamba kuzizidwa. Kenaka anakana kuyamwa, mpaka ankamumwetsa mkaka wa amake kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Chabwino chimodzi chokha chimene ndinachiona m'masiku amenewo n'chakuti ankapuma yekha.

Pano tili mu wodi imene amaitcha ya kangaru. Mwana amamumangirira pachifuwa cha munthu, khungu pa khungu, chitenje pamwamba, usana ndi usiku, kuti azimva kutentha. Luwiza akatopa ndimalandira ine. Inde, ine mng'ono wanu, malaya ndavula, chitenje cha apongozi chamaluwa ndamanga pachifuwa. Tsiku loyamba azimayi a m'wodimo anaseka mpaka misozi. Pano anazolowera, amangoti, "Abambo a kangaru abwera, apatseni mpando."

Namwino amene amatiyang'anira ndi a Tawonga, kwawo ku Rumphi, mayi wamtali woti polowa pakhomo amaweramitsa mutu. Iwo anatiuza lamulo lake momveka bwino. Mwana akapitirira kilo imodzi ndi theka, ndipo sikelo ikamakwera masiku atatu otsatizana, tikhoza kupita naye kunyumba. Akatsika tsiku limodzi, kuwerenga kumayambiranso. Kilo imodzi ndi theka anapitirira kale, koma sabata yatha anakwera kawiri, kachitatu n'kutsika. Tsiku limenelo sindinadye. Tsopano wakweranso dzulo ndi lero. Mawa ndiye kachitatu.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndikungoti mwana, mwana. Alibe dzina, achimwene. Pakhadi lake analemba kuti Mwana wa Luwiza. Mchombo unagwa kalekale, ndipo apongozi anandiitanira pambali n'kundikumbutsa kuti mwana woyamba amatchulidwa ndi akuchimuna, ndipo poti abambo anatisiya, udindowo ndi wanu. Ine ndinawayankha kuti foni yanu sikupezeka. Naye Luwiza tsiku lina anati, "Anzanga amaitana amuna awo kuti bambo a uje. Ine ndizikuitanani kuti bambo a yani?" Ndinangoyang'ana kudenga. Maganizo anga anali akuti felemu sulipaka utoto usanaone kuti lagwira. Ndinkati tiyambe taona sikelo.

Tsopano mundilole ndikukumbutseni za kale, chifukwa ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Mukukumbukira vidiyo sho yanu ya ku Kamwendo, kuseri kwa chigayo, chaka cha 2016? Anthu ankafuna mafilimu a nkhonya ndi mpira wamiyendo, inu n'kuwabweretsera basiketibolo ya ku America. Ankakusekani kuti a Stanley akutionetsa ntchemberembaye ya amuna. Koma itafika nyengo ya mapuleyofu, pamene matimu amakumana mobwerezabwereza mpaka ina ipambane kanayi, mabenchi anayamba kuchepa. Masewerowo ankachitika kuno tili m'tulo, ndiye mnzanu wa ku Chipata ankawajambula pa fulashi n'kupatsira kondakitala wa minibasi, ife n'kuonera madzulo ake. Ndipo munali ndi lamulo lanu lija: amene wamva kale zigoli atseke pakamwa. Woulula ankatulutsidwa ngati galu wolowa m'tchalitchi. Mphunzitsi uja anangomwetulira pa nthawi yolakwika, munamutulutsa ndi mpando wake womwe.

Inu munali wa timu ya Cleveland, a Kefasi a Golden State. Pa fainolo a Golden State atapambana katatu, anu kamodzi kokha, a Kefasi anabwera ndi nkhuku yamoyo kudzaimangirira pakhomo panu, ati ya chipepeso. Inu munalowa m'shopu imene ndinkaphunzira ntchito, munatenga chitini cha utoto wofiira wopaka mafelemu, n'kulemba pachitseko cha vidiyo sho zilembo zazikulu: AKATSWIRI 2016 CLEVELAND. Ine mtima unandiwawa, osati chifukwa cha timu, koma utotowo. Ndinakufunsani kuti nanga akaluza mufufuta ndi chiyani? Munati, "Eliya, masewero asanathe munthu umayenera kudziwika kuti uli mbali iti." Ine ndinangoti misala ya akuluakulu.

Kenaka anu aja anapambana masewero achisanu. Anapambananso achisanu ndi chimodzi. Tsiku lomaliza munadzaza matenanti a m'maesiteti amene anali atangogulitsa fodya, ena osadziwa n'komwe kuti chigoli chimawerengedwa bwanji. Chakumapeto, wosewera wanu uja atathamanga kuchokera kumbuyo n'kuumenyetsa mpira pabolodi usanalowe, tenanti wina analumpha n'kutera pabenchi mpaka mwendo wa benchiyo kuthyoka. Ndinauwotcherera ndine m'mawa mwake. Nkhuku ija inadyedwa kwanu, a Kefasi anapatsidwa khosi.

Vidiyo shoyo pano ndi golosale, koma mwini wake chitseko sanasinthe. Anapaka utoto wobiriwira, koma dzuwa likamalowa zilembo zanu zimaonekerabe pansi pake.

Ine basiketibolo sindinaikonde ngati inu. Chimene ndinapindula ndi kudziwa kupinda ringi yozungulira bwino, ndipo ija ndinaika pabwalo la ku Kamwendo ikadalipo. Koma a Kefasi ndi gulu lawo sanasiye. Loweruka lililonse pa babashopu mkangano ndi womwewo. Wina akati osewera a masiku ano amangoponyera patali ngati akugenda mango, wina akuti a kale anali a ndewu chabe, koma pamapeto onse amabwerera ku 2016, ngati mbuzi yobwerera pamene inapeza madeya.

Lero masana a Kefasi anabwera kudzationa, atanyamula nthochi ndi bulangete laling'ono. M'wodi salola alendo, ndiye anaima panja pa windo, ine ndili mkati mwana ali pachifuwa. Anavala jezi yawo ija ya pakaunjika, yabuluu, imene pano yasanduka yotuwa. A Tawonga akudutsa ndi thireyi ya mankhwala anaima.

"Bambo, jezi imeneyo mumavalabe pagulu?"

A Kefasi anadzigwira pachifuwa. "Mayi, timu imeneyi chaka chimene chija inapambana masewero 73. Pitani mukafunse."

"Nanga chikho chinapita kuti?"

Achimwene, mukanaona nkhope ya a Kefasi! Sanayembekezere kuti angakumane ndi mdani atavala yunifolomu yoyera. A Tawonga akuti ankasewera basiketibolo ali kusukulu ya unamwino, ndipo fainolo imeneyo anaionera m'holo ya ophunzira.

"Chikho chinabedwa!" anatero a Kefasi. "Anatiletsera munthu wathu pa masewero achisanu. Akanasewera uja, nkhani ikanathera pomwepo."

"Nanga achisanu ndi chimodzi sanasewere? Omaliza sanasewere? Pabwalo panu pomwe?"

"Mphepo inali itatembenuka kale, mayi. Inu a kumpoto simungamvetse."

"Ife a kumpoto timadziwa kuwerenga mpaka folo, bambo. Inu munalekera pa fili."

Azimayi a m'wodi anayamba kuseka osadziwa n'komwe chimene akuseka. Mayi wina wa ku Mlonyeni anafunsa ngati Golden State ili ku Zambia. Koma ine mtima unandiphulika. Ndinayankhula motsitsa kuti mwana asadzidzimuke, koma mawu anga anali aukali. Ndinati, "A Kefasi, mwana wanga akulimbana ndi moyo pano, inu mukukangana za anthu amene sakudziwani n'komwe. Ngati nkhani zatha, siyani nthochizo muzipita."

A Tawonga anangoti pepani bambo, n'kupitiriza ndi thireyi yawo. A Kefasi sanachoke. Anatsamira pawindo akuyang'ana kamutu kamene kanatulukira pamwamba pa chitenje, kali ndi kachipewa kaubweya.

"Mphwanga," anatero, "ukudziwa chimene chimandiwawa mpaka lero? Si chikho ayi. Ndi chitseko chija. Mkulu wako analemba asanaone. Akanaluza, Kamwendo yense akanamuseka mpaka ukalamba, ndipo iye ankadziwa. Koma analemba. Ine timu yanga inali patsogolo, koma ndinkaonera ndikunjenjemera ngati ndine woluza."

Kenaka a Kefasi anandifunsa za mwana.

"Sikelo yati bwanji lero?"

"Yakwera. Kachiwiri."

"Ndiye mawa ndi fainolo! Ndibwera ndi anyamata a pa babashopu, tidzaima pompano. Kamtsikanaka dzina lake ndani?"

Ndinati alibe.

A Kefasi anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Alibe? Eliya, mwana wamenya chikasu, wamenya chisanu, wamenya kapaipi, iwe osam'patsa ngakhale dzina? Nanga ife mawa tizichemerera ndani?"

Achimwene, nthawi yomweyo kamwanako kanasuntha, kanatulutsa dzanja m'chitenje n'kundigwira tsitsi la pachifuwa. Kugwira kwake kolimba ndithu, mpaka kuwawa. Luwiza anali atagona chotembenukira kukhoma, ndimayesa ali m'tulo, koma ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Pamenepo ndinazindikira kuti masiku onsewa iye wakhala akumuchemerera yekha mwanayu, ine ndangoima pakhomo ngati munthu wodikira kumva zigoli kaye kuti asankhe timu.

Ndisakunamizeni, mantha sanathe. Usiku ndimaika chala pafupi ndi mphuno yake kuti ndimve mpweya. Ndinkaopa kuti ndikam'patsa dzina, zinthu n'kuvuta, dzinalo lidzatsala m'nyumba mwanga likundiyang'ana. Koma nditafunsa a Tawonga madzulo ano ngati akuganiza kuti mawa akwera, anandiyankha kuti, "Bambo, za mawa sindikudziwa, ndipo ndikanadziwa sindikanaulula. Koma akatsika si kuti zatha. Tiyambiranso. Kuno sitiwerenga kuti waluza kangati." Nditawauza za lamulo la vidiyo sho yanu, anaseka n'kunena kuti mukadzabwera mudzawapeze, ali ndi mawu oti mukathandizane pa a Kefasi.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene. Mutchuleni dzina mwana wa mng'ono wanu. Musadikire kuti ndikuuzeni za sikelo ya mawa, ndipo musandiimbire kufunsa. Amayeza dzuwa litangotuluka, ndiye dzinalo lifike lero pafoni ya a Kefasi, iwo agona kwa mlongo wawo kuno ku Boma. Ndikufuna kuti akamamuvula chitenje n'kumugoneka pasikelo yozizirayo, ndimuitane ndi dzina lake, amve kuti kunja kuno kuli anthu ake. A Tawonga alonjeza kuti afufuta Mwana wa Luwiza pakhadi paja n'kulemba limene mutumize, ndi cholembera chosafufutika.

Chinthu chimodzi chokha, chonde. Lisakhale Cleveland. Apongozi sangathe kulitchula, komanso a Kefasi anena kuti mukatero sabwera. Likhale dzina loti mwana akadzalowa sukulu anzake asamuseke, komanso lalifupi, loti likwane pachitseko. Ndili ndi theka la chitini cha utoto wofiira kushopu, ndipo chitseko cha kuchipinda kwathu n'chosapaka.

Amayi akupereka moni, miyendo ikuwavutabe koma akuyenda. Apongozi akuti musaiwale kuti wotchula dzina amabwera ndi kansalu. A Kefasi akuti ndikuuzeni kuti chikho chija chinabedwa basi, ndipo khosi la nkhuku sanaiwale. Luwiza akuti moni kwa alamu ndi ana, ndipo akuti mufulumire, akufuna adziwe kondiitanira. Mwana wanunso akupereka moni. Ali pachifuwa pa amake pano, chipewa chapendekeka, akuyamwa yekha popanda kapaipi.

Ndine mng'ono wanu,
Eliya,
bambo a amene mumutchule.