Amenyana pa kolona m'nyumba mwanga, chifanizo chasweka

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimachita lendi ku Bangwe, ndipo ndimasunga mayi anga amene anafa ziwalo mbali imodzi.

Mphakati wathu wa Chikatolika utakula kwambiri, a ku parishi anaugawa pawiri: Monika Woyera kumtunda, Rita Woyera kumunsi, malire ake ngalande. Anthu anagawika bwinobwino, koma chifanizo cha Amayi Maria chimene chimayenda m'makomo mwezi wa kolona ndi chimodzi basi. Tinagwirizana zoti tizilandizana. Chaka chino bambo mfumu anatipempha kuti kolona yonse ya Okutobala tipempherere mtendere m'parishi.

Ine ndili ku Monika Woyera, nyumba yanga ili pangalande penipeni. Mayi anga sapita kutchalitchi, ndiye tsiku lathu lolandira chifanizo analidikira ngati mwana wodikira Khirisimasi. Ndinawasambitsa, ndi kuwaveka chitenje cha mpingo, chitseko cha kuchipinda ndi kusiya chotsegula kuti azimva.

Tili mkati mwa Tikuoneni Maria, anatulukira amayi a ku Rita Woyera, patsogolo amake Limbikani, wapampando wawo. Akuti, "Sabata yanu inatha dzulo, tabwera kudzatenga Amayi athu." Amene anadzuka ndi mayi Evelina, amayi anga a ubatizo, munthu amene anandiphunzitsa kugwira kolona. Anati, "Amayi anu ati? Pogula munalipo?" Anayamba kukokana chifanizo, uyu mutu, uyu miyendo. Kenako ndinaona ndi maso angawa mayi Evelina akuwaomba mbama amake Limbikani, kolona ili m'dzanja lomwelo! Chifanizo chinagwa pa simenti, mutu ndi kuthothoka.

Aphungu, manyazi ake! Anatileretsa ndi alandilodi anga, mayi Ruqaya, amene ndi Msilamu. Anangoima pakhomo n'kufunsa kuti, "Kodi amayi inu, si paja mumati mukupempherera mtendere?" Apo m'pamene anasiyana.

Tsopano bambo mfumu aitanitsa miphakati yonse iwiri Lamlungu ikatha Misa kuti tiyanjane, ndipo akufuna ine mwini nyumba ndikanene zimene ndinaona. Mayi Evelina anabwera kale kudzandipangira. Akuti ndikanene kuti a ku Rita ndiwo anayamba kumenya. Potuluka anati, "Usaiwale amene anakunyamula pa ubatizo, komanso amene amakudikirira mayi akowa iwe ukapita kumsika."

Ndi zoona, popanda iwo geni yanga ya tomato ikhoza kuima. Koma ndikaname pamaso pa bambo mfumu? Chifanizo ndachikulunga m'chitenje, chili kuseri kwa kabati. Mayi anga akungofunsa kuti Amayi Maria apita kuti, ine n'kumati ali kwa aneba. Ndithandizeni, ndasokonezeka mutu.

T.D., Bangwe

Mayi T.D.,

Kalata yanu ndaiwerenga kukamwa kuli yasa. Mbama ndi kolona m'dzanja limodzi! Ndamva zambiri pa ntchito ino, koma iyi yandiimitsa mutu.

Tiyambe ndi funso lanu: musakaname. M'nyumbamo munadzaza anthu, mayi Ruqaya naonso ali ndi maso. Bodza lanu silikapulumutsa mayi Evelina, likangowonjezera dzina lanu pa mlandu, ndipo amake Limbikani adzakhala atamenyedwa kawiri. Anthu oyanjana pa bodza amagwirana chanza kutchalitchi n'kukatukwanizana pampopi.

Koma musadikire Lamlungu kuti mukawayalutse pagulu. Pitani kwawo mawa, nokha, mwaulemu wa mwana. Muwauze kuti, "Amayi, munandiphunzitsa ndinu kuti bodza ndi tchimo. Sindikakunenerani zoipa, komanso sindikanama." Muwapemphe kuti apite okha kwa amake Limbikani kukapepesa. Munthu akavomera yekha nkhani imafupika, mwinanso inu simudzafunsidwa n'komwe.

Akakana, kaonaneni ndi bambo mfumu panokha msonkhano usanafike. Mukafotokoze zonse, osasiyako mbali ya a ku Rita, chifukwa naonso kulowa m'nyumba ya wodwala pakati pa pemphero kudzalanda chifanizo sanachite bwino. Mukatenge chifanizocho, chichoke kuseri kwa kabati. Si mlandu wanu, musachibise ngati munachiba.

Za geni yanu ndikukumvetsani, mantha amenewo si achibwana. Mwina mayi Evelina akunyanyalani kwa kanthawi. Mphakati ntchito yake ndi imeneyo, yoona odwala. Pamsonkhano womwewo imikani dzanja mupemphe kuti amayi a mbali zonse ziwiri azisinthana kudzakhala ndi mayi anu. Ngati akufunadi mtendere, auyambire pamphasa ya wodwala amene anamusokonezera pemphero.

Chenjerani ndi pakamwa masiku ano. Kumsika adzakufunsani kuti zinayenda bwanji, wina adzafuna mumutumizire chithunzi cha mutu wothothokawo pa foni. Musayerekeze.

Ndipo lekani kuwauza mayi anu kuti Amayi Maria ali kwa aneba. Mwaiwala kuti chitseko munachisiya chotsegula? Anafa ziwalo, osati makutu. Mbama ija anaimva, kusweka kuja anakumva, ndipo pofunsapo akufuna aone ngati mwana wawo anganene zoona. Yambani ndi iwo lero lomwe, Lamlungu silidzakuvutani.

Aphungu