Lipenga la atate lakwechedwa ngati poto

Lachiwiri, mu Julaye. Kunja kwazizira, koma ine mtima wanga uli myaa.

Ndinapita ku Ndola ndi lipenga la atate, lija ankaliza mu bandi ya kumgodi, kuti mkulu wokonza malipenga andiuze zaka zake, komanso ngati lingapakidwenso siliva. Analitembenuza, n'kundifunsa m'Chibemba kuti analikwecha ndani. Akuti nambala yodziwira zaka inafufutika, ndipo ngakhale alipake, lidzangokhala chitsulo chowala chopanda mbiri.

Amene analikwecha ndi alamu anga, amake Dalitso. Anatenga sitiliwulu ndi phulusa, ati liwale pa Isitala.

Nditafika kunyumba kwa atate ku Buchi ndinadikira dala kuti onse apabanja akhale pansi, atate ali pomwepo. Ndinati, "Alamu, zaka zonse za atate mwazitsukira kumodzi ndi mbale." Alamu analira. Atate, amene sitiroko inawapotoza pakamwa, ankangosisita pamene panali nambala paja.

Sindipepesa. Alamuwo ndiwo amasambitsa atate tsiku ndi tsiku, ine ndimangobwera mwa apo ndi apo, ndiye aliyense amangotama iwo. Lero palibe wawatama.