Zitini za Halidi

Milepa, Chiradzulu
14 Okutobala 1983

Okondedwa achimwene a Bernard,

Muli bwanji kumeneko ku Lilongwe pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tili bwino. Mkazi wanga Falesi chifuwa chija chinamusiya.

Za dzanja langa lamanja, limene linaphwanyidwa ndi ngolo, adokotala sanabise. Anati ndikapanda kulinyamulitsa zolemera tsiku ndi tsiku, lifota. Mvula ili pafupi, ndipo ine ndili pachikamwini. Amalume ake a Falesi ayamba kale kufunsa ngati mundawu ulimidwa ndi dzanja limodzi. Banja langa lili pa dzanja limeneli.

Kalabu ya ankhonya ku Limbe imene munandipezera malo ndinapitako kawiri. Zitsulo zake n'zonyezimira, pakhoma pali kalilole wamkulu. Koma basi ndinaidikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo pobwera linali litalowa. Ndingathe zimenezi chaka chonse? Ndinasiya. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene.

Tsono khalani pansi. Ndikupita kwa Halidi wokonza njinga, yemwe uja anakugululani dzino kumpira ku Ndunde. Ndikukumbuka kuti munalumbira kuti wa kwathu asadzapondeko pakhomo pake. Ine ndapondapo, ndipo ndipondabe.

Kuseri kwa shedi yake kulibe chokongola. Zonyamula zake ndi zitini zodzaza simenti, zina zomangirira kuchitsulo cha ngolo. Koma ndi pafupi, ndimafika chimanga chowotcha chisanazizire m'manja. Amatseka Lachisanu lokha chifukwa cha kumzikiti.

Sabata yachiwiri ululu unandigonjetsa, ndinajomba masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinangoona Halidi akutsika panjinga pabwalo pathu, chitini atachimanga pakaliyala. Anati ngati dzanja lakana kupita kwa chitini, chitini chabwera kwa dzanja. Anandivulitsa malaya pomwepo, apongozi anga akupeta nandolo pakhonde! Ine amene ndimapatuka panjira ndikawaonera patali, ndinanyamula chitini kakhumi ndikubuula ngati ng'ombe. Iwo anangotembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Manyazi amenewo sindidzawaiwala. Chiyambire tsiku limenelo sindinajombenso.

Ndikudziwa kuti munavutika pondipezera malo aja, ndipo zikundipweteka kukukhumudwitsani. Koma musandiuze kuti ndisiye, chifukwa sindimvera. Chopempha changa n'chakuti mukabwera pa Khirisimasi mudzamupatse moni munthuyu. Iye akuti dzinolo munaliyamba ndinu, koma zimenezo mudzakambirana nokha.

Khasu sindinayambe kuligwira bwino, koma mizere yoyamba ndidzaunga ndekha, amalume aja akuona.

Mundiperekere moni kwa alamu a Nester ndi ana onse. Mulungu akusungeni.

Pepani zilembo zapendekeka ngati mpanda wakale. Lero sindinamupemphe Falesi kuti andilembere. Kalata yonseyi yalembedwa ndi dzanja lija.

Ndine mng'ono wanu,
Mateyo Kalinde